Masamu obisala pa kalendala ya pakhoma

Tengani kalendala iliyonse, kaya ija munalandira kusitolo ya zipangizo zaulimi kaya ya kumpingo, mutsegule mwezi womwe mwakonda. Ndi pensulo, zingani manambala asanu ndi anayi oyandikana, atatu pamwamba, atatu pakati, atatu pansi. Mu Ogasiti 2025 mukhoza kuzinga 5, 6, 7, kenako 12, 13, 14, kenako 19, 20, 21. Uzani mnzanu awonkhetse onsewo. Iye akadali kalikiliki kuwerenga zala, inu ingoyang'anani nambala yapakati, 13, muichulukitse ndi 9, munene kuti 117. Akamaliza apeza 117 yomweyo. Zingani pena, mwezi wina, chaka china, zichitikanso chimodzimodzi.

Palibe matsenga. Nambala ya kumanzere kwa 13 ndi yochepa ndi 1, ya kumanja ndi yoposa ndi 1, ndiye ziwirizi zikakumana zimangokhala ngati 13 awiri. Ya pamwamba yaperewera 7, ya pansi yapyola ndi 7. Za m'makona nazo zimalipirana ngongole: 5 ndi 21, 7 ndi 19. Pomaliza muli ndi 13 asanu ndi anayi. Mukazinga manambala anayi okha, monga 5 ndi 6 pamwamba, 12 ndi 13 pansi, n'kuwachulukitsa mopingasa, mupeza 65 ndi 72. Kusiyana kwake ndi 7. Yesani 20, 21, 27, 28: mupeza 560 ndi 567. Ndi 7 yemwe uja, ndipo sasintha, popeza mzere uliwonse wa kalendala uli ndi masiku asanu ndi awiri.

Masewera ambiri a pa kalendala amachokera pa mkangano wa manambala awiri, 7 ndi 365. Mukagawa 365 ndi 7 mumapeza masabata 52, n'kutsala tsiku limodzi. Katsiku kotsalako ndi kamene kamakankha chilichonse. Ngati tsiku lanu lobadwa lagwa Lachiwiri chaka chino, chaka chamawa ligwa Lachitatu. Pakadutsa 29 Febuluwale pakati, lilumpha masiku awiri, chifukwa chaka chachitali cha masiku 366 chimatsaza awiri. Chaka chikadakhala cha masiku 364, kalendala imodzi ikadatikwanira moyo wonse ndipo osindikiza makalendala akadasowa malonda.

Koma ngakhale zili choncho, makalendala osiyana alipo 14 okha. Chaka chikhoza kuyamba pa tsiku lililonse mwa masiku asanu ndi awiri a sabata, ndipo chikhoza kukhala chachifupi kapena chachitali. Basi. Amene anasunga kalendala ya 2014 akanatha kuipachikanso mu 2025 osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo idzagwiranso ntchito mu 2031, mu 2042 ndi mu 2053. Taonani mipata yake: 11, 6, 11, 11, ndipo itatu yotsatana iliyonse ikukwana 28. Chaka chachitali chimachedwa kubwerera, chimadikira zaka 28 zathunthu. Kalendala ya 1964 inabweranso mu 1992 ndi mu 2020, ndipo idzabweranso mu 2048. Mkati mwa chaka chimodzi namonso muli miyezi yoyendera limodzi. Epulo ndi Julayi amayamba tsiku lofanana chaka chilichonse, Seputembala ndi Disembala chimodzimodzi, Malichi ndi Novembala chimodzimodzi. M'chaka chachifupi, Januwale amafanana ndi Okutobala, ndipo Febuluwale amalowa m'gulu la Malichi ndi Novembala.

Kuzungulira kwa zaka 28 kumeneku kukugwira ntchito kuyambira 1901 kufikira 2099 kokha. Chifukwa chake chili ku Rome. Dziko limatenga masiku 365, maola 5 ndi mphindi pafupifupi 49 kuti lizungulire dzuwa. Kalendala imene Julius Caesar anakhazikitsa zaka 45 Yesu asanabadwe inkawerenga maola 6 athunthu, n'kumaika tsiku loonjezera pa zaka zinayi zilizonse. Mphindi 11 zopyolazo zimaoneka zachabe, koma pa zaka 128 zimakwana tsiku. Pofika zaka za m'ma 1500, nyengo zinali zitasemphana ndi madeti moti Tchalitchi cha Katolika chinada nkhawa ndi kawerengedwe ka Pasaka. Mu 1582 Papa Gregory XIII analamula kuti masiku khumi achotsedwe. Anthu a ku Italy, Spain ndi Portugal anagona Lachinayi pa 4 Okutobala n'kudzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Britain inakana kwa zaka 170, mpaka mu 1752 pamene 2 Seputembala anatsatidwa ndi 14 Seputembala. Russia inasintha mu 1918, n'chifukwa chake kuukira boma kumene amakutchula kuti kwa mu Okutobala ankakukumbukira pa 7 Novembala. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani yonseyi n'chakuti madeti anadumphidwa koma masiku a sabata sanakhudzidwe. Lachinayi linatsatidwabe ndi Lachisanu.

Kuti vutolo lisabwererenso, anaikanso lamulo lakuti chaka chothera ndi 00 chisakhale chachitali pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. Motero 1900 analibe 29 Febuluwale, 2000 anali naye, 2100 sadzakhala naye. Mwana wodzabadwa pa 29 Febuluwale 2096 adzadikira mpaka 2104 kuti deti lake lionekenso pa kalendala.

Lamuloli linabala chinthu chokongola chimene sichinali cholinga cha aliyense. M'zaka 400 muli zaka zazitali 97, choncho masiku onse ndi 146,097. Gawani ndi 7: mupeza masabata 20,871, osatsala kanthu. Izi zikutanthauza kuti kalendala yonse imayambiranso pa zaka 400 zilizonse, ndipo chaka cha 2400 chidzafanana ndi 2000 tsiku ndi tsiku. Zikutanthauzanso kuti madeti sagawidwa mofanana pakati pa masiku a sabata. M'zaka 400 muli miyezi 4,800, nambala yosagawika ndi 7, ndiye tsiku lina liyenera kulandira zambiri. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amaopa Lachisanu likagwa pa 13, amati ndi tsiku latsoka. Owerengera anapeza kuti pa miyezi 4,800 ija, deti la 13 limagwa Lachisanu maulendo 688, kuposa tsiku lina lililonse, pamene Lachinayi ndi Loweruka limagwa maulendo 684 okha. Chaka chilichonse chimakhala ndi Lachisanu lotere kamodzi, kawiri kapena katatu, ndipo kulizindikira n'kosavuta: mwezi ukayamba Lamulungu, 13 wake ndi Lachisanu. Mu 2026 miyezi yotere ndi itatu, Febuluwale, Malichi ndi Novembala.

Amene wazolowera kuwerengera motere savutika ndi uthenga wina umene umayendayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook. Uthengawo umati mwezi wakutiwakuti uli ndi Lachisanu kasanu, Loweruka kasanu ndi Lamulungu kasanu, zimene akuti zimachitika kamodzi pa zaka 823, ndipo ukautumiza kwa anzako ndalama zikupeza. Ndi bodza la mkunkhuniza. Mwezi wa masiku 31 uli ndi masabata anayi ndi masiku atatu otsala, ndiye masiku atatu oyambirira a mweziwo amabwera kasanu nthawi zonse. Ukangoyamba Lachisanu, nkhani yatha. Zinachitika mu Malichi 2024, mu Ogasiti 2025, ndipo Meyi 2026 ndi wotero. Mbale wake wa uthengawu amati Febuluwale wokhala ndi tsiku lililonse kanayi ndi wosowa, chonsecho 28 ndi 7 kuchulukitsa ndi 4, ndipo Febuluwale aliyense wa chaka chachifupi amakhala choncho. Zimandiwawa kuona anthu ophunzira bwino akutumizirana zimenezi kalendala ili pakhoma pambali pawo.

Luso limene ndimalikonda kuposa onse ndi lodziwa tsiku la sabata la deti lililonse popanda kuona kalendala. Lewis Carroll, mlembi wa nthano za Alice yemwe analinso mphunzitsi wa masamu ku Oxford, anasindikiza njira yake mu 1887. Koma njira yosavuta kuisunga m'mutu inachokera kwa John Horton Conway, katswiri wa masamu wobadwira ku Liverpool mu 1937, amene anaphunzitsa ku Cambridge ndi ku Princeton. Anaitulukira mu 1973. Iye ankaikonda kwambiri moti anakonza kompyuta yake kuti izimufunsa madeti isanamulole kuyamba ntchito, ndipo ankatha kuyankha pasanathe masekondi awiri. Anamwalira ndi Covid-19 mu Epulo 2020.

Conway anaona kuti m'chaka chilichonse muli madeti ena osavuta kukumbukira amene onse amagwa tsiku limodzi la sabata. Iye analipatsa dzina loti Doomsday. Ife tilitche tsiku lachikhomo, pakuti limagwira ntchito ngati chikhomo chomangirapo mbuzi: mbuzi iyende uku ndi uku, chingwe chimakubwezani pamalo amodzi. Madetiwo ndi 4 Epulo, 6 Juni, 8 Ogasiti, 10 Okutobala ndi 12 Disembala, kapena kuti 4/4, 6/6, 8/8, 10/10 ndi 12/12. Chifukwa chake n'choonekeratu mukawerenga. Kuchokera pa 4 Epulo kufika pa 6 Juni ndi masiku 63, masabata asanu ndi anayi ndendende. Miyezi iwiri yotsatana pamenepa imakwana masiku 61, kuonjezera 2 amene deti lakwera, 63. Zimabwereza motero mpaka Disembala. Tsiku lomaliza la Febuluwale, kaya ndi 28 kaya 29, nalonso ndi lachikhomo, ndipo kuchokera pamenepo 7, 14, 21 ndi 28 Malichi. Miyezi yotsala ili ndi 9 Meyi ndi 5 Seputembala, 11 Julayi ndi 7 Novembala: 9 ayenda ndi 5, 11 ayenda ndi 7, mutembenuze mulimonse. Januwale yekha ndiye amafuna kusamala, chikhomo chake ndi 3 m'chaka chachifupi ndi 4 m'chaka chachitali.

Chotsala ndi kudziwa kuti chikhomo cha chaka chimene mukufuna chili pa tsiku liti. Apa masiku timawapatsa manambala, ndipo olankhula Chichewa tili ndi mwayi poti Lachiwiri mpaka Lachisanu ananyamula kale manambala awo. Lolemba ndi 1, Loweruka ndi 6, Lamulungu ndi 0. Zaka zonse zoyamba ndi 19 zimayambira pa Lachitatu, 3, pamene zoyamba ndi 20 zimayambira pa Lachiwiri, 2. Tsono tengani manambala awiri omaliza a chaka, mudzifunse mafunso atatu: muli ma 12 angati, patsala zingati, ndipo m'zotsalazo muli ma 4 angati. Wonkhetsani mayankho atatuwo pamodzi ndi nambala yoyambira ija, muchotsemo ma 7 onse. Ma 12 akubwera chifukwa pa zaka 12 deti limasuntha masiku 12 kuonjezera 3 a zaka zazitali, pamodzi 15, omwe ndi masabata awiri ndi tsiku limodzi. Ndiye zaka 12 zilizonse ndi phazi limodzi lokha.

Tiyese ndi 6 Julayi 1964, tsiku limene Malawi analandira ufulu wodzilamulira. Mu 64 muli ma 12 asanu, omwe ndi 60. Patsala 4. Mu 4 muli 4 mmodzi. Tsono 5 ndi 4 ndi 1 ndi 10, kuonjezera 3 wa Lachitatu, 13. Chotsani 7, patsala 6. Chikhomo cha 1964 ndi Loweruka. Choncho 11 Julayi linali Loweruka, 4 Julayi linalinso Loweruka, 5 Lamulungu, 6 Lolemba. Mbendera ya Malawi inakwera kulowa Lolemba. Zambia inalandira ufulu chaka chomwecho pa 24 Okutobala, ndipo apa ntchito ndi yochepa: 10 Okutobala ndi Loweruka, onjezerani masabata awiri, 24 ndi Loweruka. Bwererani m'mbuyo kufika pa 23 Januwale 1915, usiku umene anthu a John Chilembwe anayamba kuukira atsamunda ku Chiradzulu. Mu 15 muli 12 mmodzi, patsala 3, mulibe 4. Ndiye 1 ndi 3 ndi 3 wa Lachitatu ndi 7, kuchotsa 7 patsala 0, Lamulungu. 3 Januwale linali Lamulungu, 24 chimodzimodzi, choncho 23 linali Loweruka. Yesani nokha 3 Malichi 1959 ndi 14 Juni 1993, tsiku la riferendamu. Muyenera kupeza Lachiwiri ndi Lolemba.

Poyamba mudzafuna pepala. Pakapita masabata angapo mukuyeserera ndi madeti a pa ziphaso za a pabanja panu, mudzayamba kuyankha m'mutu, ndipo agogo akadzati mwana uyu anabadwa tsiku la msika, mudzatha kuona ngati deti lolembedwa likugwirizana ndi zimene iwo akukumbukira. Mudzazindikiranso tinthu tina panjira, monga kuti Khirisimasi nthawi zonse imagwa tsiku limodzi chikhomo chisanafike, popeza 26 Disembala ndi 12 kuonjezera masabata awiri.

Pali mtundu wina wa masewera a madeti umene suchokera pa 7 ndi 365 koma pa maonekedwe a manambala tikawalemba. Anthu amaukonda kwambiri. Masewera a Olimpiki a ku Beijing anatsegulidwa pa 8 Ogasiti 2008 nthawi ya 8 koloko madzulo chifukwa ku China 8 amamutenga ngati nambala yamwayi. Ku America, kumene amayamba kulemba mwezi kenako deti, 14 Malichi amaoneka 3/14, manambala oyamba a pi, ija ya 3.14 imene timagwiritsa ntchito poyeza zinthu zozungulira. Larry Shaw anayambitsa chikondwerero cha tsikuli ku Exploratorium mumzinda wa San Francisco mu 1988, ndipo mu 2019 bungwe la UNESCO linalisankha kukhala tsiku lokumbukira masamu padziko lonse. Kwa ife olemba deti poyamba, tsiku loyenera pi ndi 22 Julayi, 22/7, monga tinaphunzirira kusukulu.

Chaka cha 2025 chinali phwando kwa okonda zoterezi. 2025 ndi 45 kuchulukitsa ndi 45. Mukadula chakacho pakati, 20 ndi 25, n'kuwonkhetsa, mupeza 45 yemweyo. Mukawonkhetsa manambala kuyambira 1 mpaka 9 mupezanso 45. 2025 isanafike, chaka chomaliza chokhala nambala yodzichulukitsa yokha chinali 1936, yemwe ndi 44 kuchulukitsa ndi 44, ndipo chotsatira ndi 2116. Katswiri wa masamu wa ku Britain Augustus De Morgan ankapereka mwambi wakuti msinkhu wake utauchulukitsa ndi iwo wokha unkapereka chaka chimene anali nawo msinkhuwo. Anabadwa mu 1806, ndipo anakwanitsa zaka 43 mu 1849, yemwe ndi 43 kuchulukitsa ndi 43. Mwayi umenewu unagweranso onse obadwa mu 1980, amene anakwanitsa zaka 45 mu 2025.

M'chaka chomwecho munali 16/9/25, tsiku limene Amalawi anaponya voti pa chisankho chachikulu. 16 ndi 4 kuchulukitsa ndi 4, 9 ndi 3 kuchulukitsa ndi 3, 25 ndi 5 kuchulukitsa ndi 5, ndipo 16 kuonjezera 9 ndi 25. Awa ndi manambala a lamulo la Pythagoras, omwe amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito poongola kona ya maziko: mamita atatu mbali iyi, anayi mbali inayo, chingwe chopingasa chikakwana asanu ndiye kuti kona yakhala bwino. Madeti ena amatsata lamuloli mwa njira ina. Pa 24/7/25, 576 kuonjezera 49 ndi 625. Pa 24/10/26, 576 kuonjezera 100 ndi 676, yemwe ndi 26 kuchulukitsa ndi 26. Deti limeneli ndi tsiku la ufulu wa Zambia, ndipo mu 2026 lagwa Loweruka monga mu 1964.

Tisaiwale kuti zonsezi zikudalira mmene tinagwirizanira kulemba. Lamulungu pa 02/02/2020 anthu ambiri anasangalala chifukwa detilo limawerengeka chimodzimodzi kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo, uyambe ndi deti kapena ndi mwezi. Linalinso tsiku la 33 la chaka, kutatsala masiku 333. Koma ku Ethiopia, kumene chaka chili ndi miyezi 13, tsikulo linali m'chaka cha 2012, ndipo pa kalendala ya Chisilamu linali mu 1441. Manambala a 12022021 kwa ife ndi 12 Febuluwale, kwa Mmereka ndi 2 Disembala. Deti lotere silibweretsa mwayi kapena tsoka. Kukoma kwake kuli pa kulisaka ndi kumvetsa chifukwa chake lilipo.

Ndipo chifukwacho chimapezeka. Kuti deti la manambala asanu ndi atatu liwerengeke uku ndi uku, mwezi uyenera kukhala manambala awiri oyamba a chaka atatembenuzidwa. Zaka zathu zimayamba ndi 20, kutembenuza ndi 02, ndiye madeti onse otere kuyambira 2001 mpaka 2099 ali mu Febuluwale. Zaka zoyamba ndi 19 zikadafuna mwezi wa 91, zoyamba ndi 18 mwezi wa 81, mpaka zoyamba ndi 12 zofuna mwezi wa 21. Choncho kuchokera pa 29/11/1192 kufika pa 10/02/2001, zaka zoposa 800, panalibe deti lotere ndi limodzi lomwe. Makolo athu onse a zaka za m'ma 1900 sanalionepo, pamene ife taona 20/02/2002, 11/02/2011, 22/02/2022 ndi ena, ndipo lotsatira ndi 03/02/2030.

Alipo angati onse kuyambira 2001 mpaka 2099? Deti lililonse la mu Febuluwale, kuyambira 01 mpaka 28, likatembenuzidwa limapereka chaka chake chimodzi. Funso latsala pa 29. Kutembenuza 29 ndi 92, ndiye tikufuna 29/02/2092, ndipo deti limeneli lingakhalepo pokhapokha 2092 chitakhala chaka chachitali. Gawani 2092 ndi 4: mupeza 523, osatsala kanthu. Lilipo. Onse pamodzi ndi 29, ndipo limeneli ndi lomaliza. Poti ndi tsiku lotsiriza la Febuluwale, ndi lachikhomo. Mu 92 muli ma 12 asanu ndi awiri, patsala 8, mu 8 muli ma 4 awiri. 7 ndi 8 ndi 2 ndi 17, kuonjezera 2 wa Lachiwiri, 19, kuchotsa 14 patsala 5. Lidzakhala Lachisanu.